Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale M'kati mwa Sefa

Aliyense amene anaimapo pa mlatho wa ku Liwonde nthawi ya dzinja n'kumayang'ana Shire akutsika, anauona kale mutu wa nkhani ino. Mtsinjewu umabwera utasenza namasupuni, bango ndi zinyalala zina. Zikafika pa chotchinga choyandama chimene anachiyala kumtunda kwa Kamuzu Barrage, zimaunjikana n'kuthinana mpaka makina azichita kuzivuula kuti zisakatseke malo opangira magetsi ku Nkula. Koma m'mbali mwa zipilala, momwe madzi amangopsepsa n'kupitirira, simukhalitsa kanthu. Madzi ndi omwewo, zinyalala n'zomwezo. Chasiyana ndi mmene madziwo akukumanirana ndi chotchinga.

Zimene zimachitika pa Shire zimachitikanso m'kati mwa sefa zamakono zoyeretsera madzi akumwa, kuyambira kasefa kopachika pa ndowa mpaka makina aakulu ochotsa mchere. Wogulitsa amakonda kunena za kuchepa kwa timabowo ta sefa yake, ndipo sanama: timabowoto ndi timene timaweruza chimene chidutse ndi chimene chitsale. Koma masiku amene sefayo igwire ntchito isanatsekeke, kuchuluka kwa madzi amene izitulutsa, ndi mtengo woiyendetsera, zonsezi zimachokera ku njira imene madzi anawakonzera m'katimo.

Madzi atatu, mavuto atatu

Maboma a Machinga ndi Balaka ali ndi madzi a mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Oyamba ndi a Shire ndi mitsinje yothira mmenemo monga Rivirivi, amene mvula ikagwa amasanduka matope enieni. Achiwiri ndi a nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho mchere umangotsalira momwemo. Ndi yosaya, imavunduka ndi mphepo, ndipo inaphwa mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratunso mu 2018. Asodzi okhala m'zimbowera amamwa madzi omwewo amene akukhalapo pamwamba pake, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kumeneko. Mliri waukulu umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayamba kudziwika m'mwezi wa Marichi 2022, pamene wodwala woyamba anapezeka pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde.

Achitatu ndi a pansi pa nthaka. Balaka ndi dera louma, ndipo kwa zaka zambiri anthu adalira mipopi yochokera ku damu la Mpira ku Ntcheu. Damulo litauma mu 2018, ambiri anabwerera ku mijigo ndi zitsime. Mijigo ina m'derali imatulutsa madzi oyera mbee koma amchere, osachita thovu ndi sopo, osiya choko m'ketulo. Ina, monga m'madera ozungulira Liwonde, ili ndi fluoride wochuluka, amene amadetsa mano a ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti fluoride asapose mamiligalamu 1.5 pa lita.

Matope ndi tizilombo ndi zinthu zoyandama m'madzi. Mchere ndi fluoride ndi zosungunuka. Kusiyana kumeneku ndiko kumayamba kulamula sefa yofunika.

Nembanemba ndi nyumba yake

Mtima wa sefa yamakono ndi kachikopa kopyapyala kamene amisiri amakatchula kuti membrane. M'Chichewa tili ndi liwu lake, nembanemba, ngati ija timaipeza pansi pa chikamba cha dzira. Kukula kwa timabowo take amakuyeza ndi muyezo wa micron, ndipo mu milimita imodzi muli ma micron 1,000. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Kachilombo ka kolera m'mimba mwake n'ngati theka la micron. Choncho nembanemba ya timabowo ta 0.1 micron imakatsekereza, ndipo ya 0.02 micron imagwiranso mavairasi ambiri. Koma mchere umadutsa monsemo ngati mphepo pa mpanda wa bango. Woufuna kuuchotsa amafunika nembanemba yothinana kotheratu ya njira yotchedwa reverse osmosis, mwachidule RO, imene imalola madzi okha kulowerera akakankhidwa ndi pulesha yaikulu.

Nembanemba yoyamba ya RO yotulutsa madzi okwanira anaipanga Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan pa yunivesite ya California ku Los Angeles cha m'ma 1960, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga inayamba kumwa madzi oyeretsedwa mwa njirayi. Atangopambana pamenepo, funso linasamuka. Chikopa chopyapyala chotere sichingaime chokha. Chimafuna nyumba yochigwira, yolowetsa madzi akuda mbali ina, kutulutsa oyera mbali ina, osalola kuti awiriwa akumane. Nyumba imeneyi ndi imene amaitcha module. Womanga module amakokedwa mbali zitatu: akufuna kulongedza nembanemba yambiri m'malo ochepa, akufuna madzi aziyenda popanda kuwononga mphamvu yambiri, komanso akufuna njira yotsukira. Akakondera chimodzi, ziwiri zinazo zimadandaula.

Kuwomba kapena kupsepsa

Mayi amene amasefa thobwa kapena mkaka pa nsalu amadziwa mmene zimathera. Poyamba zimatsika mwachangu, kenako masese amayala pansalupo, madontho n'kuyamba kuwerengeka. Uku ndi kusefa kowomba: madzi onse amalunjika pa nembanemba, ndipo chilichonse chokanidwa chimatsala pomwepo. Ubwino wake ndi woti sikutaya madzi, sikufunanso pampu yamphamvu. Kuipa kwake n'koti chikhakha cha litsiro chimanenepa mphindi iliyonse, ndipo posakhalitsa chikhakhacho ndicho chimakhala sefa yeniyeni, yothina kuposa nembanemba.

Kusefa kopsepsa kumatengera zipilala za ku Liwonde zija. Madzi amathamanga motsata nkhope ya nembanemba, ena n'kumalowerera, otsalawo n'kumasesa litsiro kupita nalo kunja. Nembanemba imakhalitsa, koma pali malipiro awiri: magetsi oyendetsera madzi mwaliwiro, ndi madzi otayidwa pamodzi ndi litsirolo.

Pa RO pamabwera vuto lina losaoneka ndi maso. Madzi akamalowerera, mchere wokanidwa umaunjikana pafupi penipeni ndi nembanemba, m'kagawo kopyapyala komwe madzi sayenda kwenikweni, monga mmene m'mphepete mwa mtsinje mumakhalira bata pamene pakati pakuthamanga. Kagawo kameneka kamakhala kowawa kuposa madzi ena onse. Tsono mchere umakoka madzi kubwerera kumene uli. Galamu iliyonse ya mchere pa lita imakoka ndi mphamvu pafupifupi 0.7 bar. Bar imodzi ndi pulesha ya madzi ochokera m'thanki yokwezedwa mamita 10. Mchere ukaunjikana pankhope, pampu imalimbana ndi mchere wochuluka kuposa umene unayezedwa pa mjigo, madzi otuluka amachepa, ndipo laimu amayamba kuumira pomwepo. Luso lonse la kamangidwe ka module ya RO lagona pa kuvundula kagawo kameneka.

Mamangidwe anayi

Kamangidwe kakale kwambiri n'kosanjikiza. Mapepala a nembanemba amawayala pakati pa mbale zapulasitiki, ngati masamba a buku, madzi n'kumadutsa m'mipata. N'kosavuta kumasula ndi kutsuka, ndipo pepala limodzi likang'ambika amangosintha lomwelo. Koma mpata wotakata m'mbali umavuta kugawa madzi mofanana: pakati amathamanga, m'makona amagona, ndipo momwe agonamo ndi momwe ndere imayambira.

Kachiwiri n'ka mapaipi. Nembanemba imamatidwa m'kati mwa paipi yotakata ngati chala, ndipo madzi amathamangitsidwa mamita awiri kapena kuposa pa sekondi. Pa liwiro limeneli amawinduka okha n'kumasesa khoma. Module yotereyi saiopa matope. Ya ku Coalinga ija inali ya mapaipi. Koma imadya malo ndi magetsi, n'chifukwa chake lero imapezeka makamaka m'mafakitale osefa zinthu zokhuthala monga madzi a zipatso ndi madzi otayidwa.

Kachitatu n'kokulunga, ndipo makina ambiri a RO padziko lapansi ndi otere. Tengani mapepala awiri a nembanemba, muike kansalu pakati, mumate mbali zitatu ngati envulopu. Mbali yachinayi muimatirire ku paipi yoboolaboola. Pamwamba pa envulopuyo yalani kaukonde kapulasitiki, kenako kulungani zonse mozungulira paipi monga mmene timakulungira mkeka. Madzi amchere amalowa kumutu kwa mkekawo n'kuyenda m'litali mwake kudzera m'kaukonde. Olowerera m'envulopu amazungulira mpaka kukagwera m'paipi yapakati. Module imodzi yotalika mita imodzi, yonenepa masentimita 20, imabisa nembanemba yokwana masikweya mita 37, kuposa pansi pa zipinda ziwiri zogona.

Kaukonde kaja ndi kamene kali ndi nkhani. Kamatsegula njira yopapatiza, yosakwana milimita imodzi, ndipo ulusi wake wopingasa umakhotetsa madzi kuti avundule mchere wa pankhope uja. Koma ulusi womwewo ndi msampha. Kamchenga kakang'ono, dzimbiri la m'madzi a mjigo ndi ndere zimakodwa pamphambano zake, njira n'kuyamba kuchepa. Kaukonde kopyapyala kamalola nembanemba yambiri kulowa m'module, koma kamatsekeka msanga. Konenepa kamachepetsa nembanemba, koma kamapirira madzi osayera bwino ndipo kamatsukika. Njira ikatsekeka kwambiri, pulesha ya kumutu imatha kukankha mkeka wonse n'kuututumula kumchira, module n'kuthera pomwepo. Ngakhale utali wa envulopu uli ndi kanthu: ikatalika, madzi oyera amatopa asanafike pa paipi yapakati, choncho opanga amasankha maenvulopu ambiri aafupi m'malo mwa ochepa aatali.

Kachinayi n'ka timapaipi tonga ulusi. Nembanemba amaiumba ngati phesi la papaya, lobooka m'kati, koma lochepa ngati ulusi wosokera. Timaulusi masauzande amatimanga mtolo n'kumata nsonga zake ndi ulimbo wolimba. Kampani ya DuPont inayamba kugulitsa module zotere kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Palibe kamangidwe kena kolongedza nembanemba yambiri m'malo ochepa kuposa aka, ndipo ubwino wina waukulu ndi woti mukhoza kubweza madzi chambuyo kuti atutumule litsiro. Tisefa ta Sawyer topachika pa ndowa, tomwe amatitsuka ndi jekeseni yamadzi, ndi ta mtundu umenewu, monganso sefa zapabanja za LifeStraw.

Lamulo la kapaipi kochepa

M'zaka za m'ma 1840, dokotala wa ku France Jean Poiseuille, pofufuza kayendedwe ka magazi, anapeza lamulo limene lero limalamulira timaulusi timeneti. Kapaipi mukakachepetsa m'mimba ndi theka, pulesha n'kukhala yomweyo, madzi odutsamo sachepa ndi theka ayi, amachepa ka 16. Mukakatalikitsa kawiri, amachepa ndi theka.

Alimi a mpunga pa sikimu ya Domasi safunika kuwafotokozera zimenezi. Wa kumutu kwa ngalande amathirira mokwana, wa kumchira amalandira zotsala. M'kaulusi katali n'chimodzimodzi. Pulesha imathera m'njira, choncho mbali imodzi imagwira ntchito yoposa muyezo n'kutsekeka msanga, pamene mbali ina ikungokhala. Mbali yolimbikirayo ikatsekeka, ntchito imasunthira patsogolo, mpaka kaulusi konse katha. N'chifukwa chake timaulusi tosefera madzi akumwa timakhala pafupifupi milimita imodzi m'mimba ndipo kawirikawiri sititalika kupitirira mamita awiri.

Palinso kusankha koti madzi akuda alowere kuti. Akalowera m'kati mwa kaulusi n'kutulukira kunja, kaulusi kalikonse kamalandira gawo lake mwadongosolo, koma kachitsotso kamodzi kakhoza kutseka khomo. Akazungulira kunja n'kulowerera m'kati, matope amakhala ndi malo otakasuka, ndipo amisiri amatha kupopera mpweya pansi kuti thovu ligwedeze timaulusi n'kuyoyola litsiro. Koma apa madzi amaonetsa khalidwe lawo lakale. Mtolo ukathinana kwambiri, amalambalala n'kudzipezera khwawa m'mbali momasuka, timaulusi ta pakati n'kumangokhala. Papepala nembanemba ndi yochuluka. Yogwira ntchito ndi yochepa.

Chitsanzo chabwino cha kuthana ndi vutoli chili kuchipatala. Wodwala impso wa ku Balaka kapena ku Ntaja akatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukatsukidwa magazi, magazi ake amadutsa m'kabotolo ka timaulusi pafupifupi 10,000, kalikonse kotakata gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Opanga ambiri amatipotanitsa pang'ono ngati tsitsi lopiringizika kuti tisamatirane, madzi otsukira azifika paliponse. Komanso magazi amayenda kulowera uku, madzi otsukira kulowera uko, kuti kuyambira kumutu mpaka kumchira magazi azikumana ndi madzi oyera kuposa iwo. Mukangotembenuza mapaipi kuti ziziyendera limodzi, nembanemba yomweyo imatsuka mocheperapo.

Kufulumira kumapha sefa

Pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: kuonjezera pulesha sikuonjezera madzi mpaka kalekale. Kukankha kwambiri kumabweretsa litsiro lambiri pankhope ndi kulitsindira ngati dothi la pakhonde. Pamakhala malire ena, ndipo kupitirira pamenepo mukungolipira magetsi kuti mutseke sefa yanu.

Akatswiri a bungwe la Eawag ku Switzerland anayesa njira yosiyana. Anasiya madzi a mumtsinje kuti azidzitsikira okha pa nembanemba ndi pulesha yochepa kwambiri, ya madzi okwera osakwana mita imodzi, osatsuka, osabweza chambuyo. Masiku oyamba madzi otuluka anatsika, kenako anakhazikika pa malita 4 mpaka 10 pa ola pa sikweya mita iliyonse, n'kukhala choncho miyezi yambiri. Chifukwa chake n'choti chikhakha chosatsindiridwa chimakhala chamoyo, ndipo tizamoyo ta mmenemo timachibooleza n'kusiya tinjira. Tiwerengere: theka la sikweya mita, pa malita 5 pa ola, likupereka malita 60 pa usana ndi usiku, okwanira kumwa banja lalikulu. Nembanemba yotambalala yoyenda pang'onopang'ono imaposa yaing'ono yokakamizidwa, makamaka kumene magetsi ndi mankhwala otsukira zili kutali.

Nyengo nayo imalowererapo. Madzi ozizira ndi olemerera kuyenda, ndipo digiri iliyonse imasintha kutuluka kwa madzi ndi pafupifupi 3 pa 100. Sefa yomwe imathamanga mu Okutobala ikayamba kuchedwa mu Juni, mwina sinatsekeke, yangomva chisanu.

Tsono kuti kukufunika chiyani?

Kwa okhala m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi, mdani ndi matope ndi tizilombo. Timaulusi kapena mapepala osanjikiza oyenda ndi pulesha yochepa ndiwo oyenera, koma madzi ayambe adikha m'thanki kapena adutse mumchenga. Walira mvula walira matope, ndipo module yoyesedwa mu Ogasiti iyenera kufunsidwa za Januwale. Module yokulunga siyenera kulawa madzi a mumtsinje osasefedwa; kaukonde kake sikangathe sabata zambiri. Ngakhale mizinda yolemera imatsata dongosolo lomweli: ku eMalahleni ku South Africa, kumene kuyambira 2007 amayeretsa madzi a m'migodi kuti akhale akumwa, madziwo amadutsa kaye m'nembanemba zochotsa zoyandama asanafike pa RO.

Kwa msodzi wa pa Chilwa, kasefa ka timaulusi kamachotsa kachilombo ka kolera koma sikachotsa kukoma kwa mchere, ndipo dothi losalala la m'nyanjayi limakatseka msanga. Moyo wake uli pa kubweza madzi chambuyo tsiku ndi tsiku ndi madzi oyera. Kaulusi kamodzi kakaduka, madzi akuda amapeza njira yachidule, ndipo chizindikiro chake n'chonyenga: sefa imayamba kutulutsa madzi mwachangu kuposa kale. Chidebe cholandirira chikhale chotseka, ndipo kolorini akadali wofunika, chifukwa sefa siteteza madzi amene atuluka kale.

Kwa mjigo wamchere kapena wa fluoride ku Balaka ndi Liwonde, module yokulunga ya RO ndiyo ingathe, pa pulesha ya ma bar 10 mpaka 20, imene pampu ya sola ikhoza kupereka. Apa masanjidwe ndiwo nkhani. Module imodzi imangotenga pafupifupi 15 pa 100 ya madzi oidutsa, choncho amazilumikiza mndandanda. Madzi akamapita kumchira amachepa, liwiro limatsika, mchere ukukwera. Pofuna kusunga liwiro, amisiri amasonkhanitsa madzi otsala a mizere iwiri n'kuwathira mumzere umodzi. Mukatenga theka la madzi, otsalawo amawawa kawiri. Mukatenga magawo atatu mwa anayi, amawawa kanayi. M'dera la miyala ya laimu ngati la mapiri a Chenkumbi, kukakamira kutenga ambiri kumaumitsa choko m'module yomalizira. Yoyambirira imadwala matope ndi ndere, yomalizira imadwala laimu, ndipo mmisiri wodziwa akaona imene yayamba kufooka amadziwa matenda. Akumbukirenso kuti kolorini, bwenzi lathu pa kolera, amawotcha nembanemba za RO za masiku ano. Malo ake ndi m'thanki ya madzi otuluka. Ndipo madzi owawa otsalawo afuna kolowera kumene sangabwerere m'chitsime kapena kuwononga dimba.

Choncho komiti ya madzi ya m'mudzi, mkulu wa sukulu kapena wa chipatala chaching'ono akalandira alendo obweretsa makina osefera, funso la timabowo likhale loyamba chabe. Afunse kuti: madzi athu munawayeza mwezi uti? M'katimu akuwomba kapena akupsepsa? Litsiro likutulukira pati, ndipo akulitulutsa ndani, kangati? Pa ndowa khumi zolowa, zotayidwa ndi zingati? Kaulusi kakaduka tidzadziwa bwanji? Mlendo amene angayankhe mafunsowa atagwira module m'manja, n'kuloza ndi chala polowera madzi, pokhotera ndi potulukira litsiro, ndiye kuti makina akewo anawaganizira madzi a kuno. Amene angangobwereza nambala ya timabowo, apemphedwe mwaulemu kuti adzabwerenso mu Januwale, Shire atafiira, adzayesere pamaso pa onse.